Mmene Mungajambulire Anthu Papepala Musanagwire Penti, Potsata Njira ya Akatswiri a ku France a m'ma 1800

Mwagula chinsalu, mwasakaniza penti, ndipo m'mutu mwanu chithunzi chatha kale: anthu atatu, wina waima, wina wawerama, wina wakhala pansi. Nkhope ya woyamba yatuluka bwino. Mukafika kumiyendo mupeza kuti malo atha, ndiye muifupikitsa. Woweramayo akuoneka ngati agwa, ndipo manja a wachitatu mwawabisa kumbuyo chifukwa zala zakukanikani. Mupaka, mufufuta, mupakanso, mpaka mitundu yonse isanduka matope.

Zimenezi zimachitika chifukwa mafunso ofunika kuyankhidwa papepala mwawasiyira chinsalu. Ojambula a ku Paris monga Ingres, Géricault ndi Degas ankathetsa vuto lililonse palokha, papepala lake, asanatsegule penti. Njira yawo ndi imene ndaiyala pansipa.

Zofunika kukhala nazo

- Mapepala otchipa ambiri, osachepera 30, ojambulapo mwachangu.
- Mapepala akuluakulu angapo, a masentimita pafupifupi 60 mulitali ndi 45 mulifupi. Awiri kapena atatu akhale otuwa kapena abuluu.
- Makala ofewa. A ku France ankawatchula fusain ndipo ankawotcha timitengo tating'ono. Makala ophikira amathanso kugwira ntchito pophunzira, bola musankhe ofewa amene sakanda pepala.
- Pensulo ya HB ndi ya 2B, komanso choko choyera. Mukapeza makrayoni akuda a Conté, tengani. Anawayambitsa Nicolas-Jacques Conté mu 1795 ndipo akupangidwabe.
- Buledi wofewa wamkati, wopanda majarini. Mukamukanya ndi zala amachotsa makala osawononga pepala. Ophunzira a ku Paris ankafufutira yemweyu.
- Kapepala kokulungidwa molimba mpaka kukhala ndi nsonga, kosalazira mithunzi.
- Ulusi wa masentimita 50 womangirira nati kumapeto, wogwira ntchito ngati chingwe chimene amisiri amaonera ngati khoma laongoka.
- Sipoko ya njinga kapena singano yolukira, yoyezera.
- Rula, pepala loonekera mkati, thabwa losalala loikapo pepala, ndi wotchi.
- Munthu wovomera kujambulidwa, ndi chipinda cholowa kuwala pazenera limodzi.

1. Yambani ndi tizithunzi tating'ono ta nkhani yonse

Jambulani timabokosi tosaposa chikhatho chanu, tofanana maonekedwe ndi chinsalu chimene mudzapentepo. M'kabokosi kalikonse ikani anthu anu ngati mabala akuda ndi oyera, opanda maso kapena zala. Kalikonse kasadye mphindi zoposa 5. Pangani 10 kapena 15, mukusintha malo a anthu, kukula kwawo, ndiponso nthawi ya nkhani imene mukuionetsa.

Mfundo yomalizayi ndiyo ambiri amaidumpha. Théodore Géricault, pokonzekera chithunzi chake chotchedwa Le Radeau de la Méduse, anali ndi nkhani yaitali: sitima ya Méduse inatitimira pamchenga kufupi ndi gombe la Mauritania mu 1816, anthu pafupifupi 147 anakwera pamatabwa omangidwa pamodzi, ndipo patatha masiku 13 anapezeka amoyo 15 okha. Iye anayesa papepala nthawi zosiyanasiyana za nkhaniyo: ndewu ya pamatabwapo, anthu akudya mitembo ya anzawo, ndi kupulumutsidwa kwenikweniko. Kenako anasankha mphindi imene otsala amoyowo akuona patali sitima ya Argus, imene inadzawapulumutsa, asanadziwe ngati yawaona. Akanayamba ndi chinsalu cha mamita pafupifupi 5 ndi 7, sakanatha kuyesa zonsezi.

Mukasankha kamodzi, kakulitseni pang'ono n'kukapaka mitundu mwachangu. Chimenechi ankachitchula esquisse.

Chenjezo: mukasankha, musamasinthesinthe. Pampikisano wa Prix de Rome, umene wopambana ankatumizidwa kukaphunzira ku Rome, opikisana ankajambula esquisse tsiku limodzi, kenako n'kutsekeredwa m'tizipinda masiku 72 kuti apente chithunzi chachikulu, ndipo sankaloledwa kuchoka pa zimene anaika mu esquisse. Lamuloli linali lolimba kwambiri, komabe limaphunzitsa munthu kuganiza mokwanira poyamba.

2. Imikani munthu wanu

Tengani munthu mmodzi wa m'chithunzi chanu, osati onse nthawi imodzi. Muonetseni wojambulidwayo esquisse yanu, muuzeni zimene munthu wa m'nkhaniyo akuchita, ndipo mulekeni achite yekha kangapo. Kawirikawiri thupi lake lidzapeza kaimidwe koposa kamene munali nako m'mutu. Zojambula zoyamba za Ingres za Louis-François Bertin, mwini nyuzipepala wa ku Paris, zimamuonetsa ataima. Pachithunzi chomaliza cha 1832, chimene chili ku Louvre, nyumba yosungiramo zojambula ku Paris, bamboyo wakhala pampando, manja atawakhazika pamaondo ngati akufuna kudzuka, ndipo kakhalidwe kameneko ndiye mphamvu yonse ya chithunzicho.

Mukapeza kaimidwe, zungulizani mapazi ake ndi choko pansi. Lembaninso pamene inu mwaima. Muuzeni ayang'ane chinthu chimodzi pakhoma, monga msomali, kuti mutu uzibwerera pamodzimodzi.

Aime mphindi 20 kapena 25, apume mphindi 5. Ngati mkono uli m'mwamba, mupatseni ndodo yogwira kapena mangani chingwe kudenga. Ku masukulu a ku Paris kaimidwe kamodzi kankakhala sabata yathunthu, choncho musadandaule ngati munthu mmodzi akutengerani masiku atatu.

Kumeneko wojambulidwa ankavula. Inu simufunika kufika pamenepo. Kabudula wothina wamasewero ndi vesiti yogwira thupi zimaonetsa zonse zimene mukufuna. Kambiranani zimenezi poyamba, gwirizanani za malipiro, tsekani chitseko, ndipo musamugwire pofuna kukonza kaimidwe. Muuzeni ndi pakamwa.

Kuwala kuchokere mbali imodzi, chakumwamba pang'ono. Tsekani mazenera ena onse.

3. Ikani malire, kenako yezani

Imani kutali ndi munthuyo, mtunda wokwana kutalika kwake kawiri kapena katatu. Mukayandikira kwambiri mumaona mutu kuchokera pansi ndi mapazi kuchokera pamwamba, ndipo ziwirizi sizigwirizana papepala.

Ikani kamzere pamwamba pa pepala pamene mutu uthere, ndi kena pansi pamene chidendene chifike. Mizere iwiriyi isasunthenso. Chilichonse chikapanda kukwana, cholakwika chili mkati.

Tsopano gwirani sipoko, tambasulani mkono wonse, tsinzinani diso limodzi. Nsonga ya sipoko ikhale pamwamba pa mutu, chala chachikulu chikhale pachibwano. Umenewo ndi muyeso wanu. Werengani kuti mutuwo ukulowa kangati kuchokera pamwamba kufika pansi. Munthu wamkulu woima chilili amakhala mitu 7 ndi theka kapena kuchepera pang'ono, koma khulupirirani zimene sipoko yakuuzani pa munthu amene ali patsogolo panu. Pezaninso pakati penipeni pa kutalika kwake. Pa munthu woongoka, pamakhala pafupi ndi pamene miyendo imagawikana.

Chenjezo: chigongono chikapindika ngakhale pang'ono, muyeso wasintha. Apa ndi pamene miyendo yaifupi imabadwira.

4. Tsitsani ulusi

Sitepe iyi ndiyo imachiza munthu wooneka ngati akugwa, ndipo ndikupemphani musaithamangire.

Gwirani ulusi wa nati uja patsogolo panu, udutse pakadzenje ka m'munsi mwa khosi, pamene mafupa awiri ochokera m'mapewa amakumana. Dikirani natiyo isiye kugwedera. Tsatirani ulusiwo ndi diso mpaka pansi ndipo onani zimene ukudutsa: kodi mchombo uli kumanja kwake kapena kumanzere? Bondo lili patali bwanji? Ukuthera pati?

Munthu akaima molemedza mwendo umodzi, ulusiwo umathera pafupi ndi kakolo wa mwendo umenewo. Akalemedza miyendo yonse mofanana, umathera pakati pa mapazi. Jambulani mzere woongoka wopepuka papepala lanu ndipo ikani zonsezi mmene mwazionera.

Kenako gonekani sipoko chopingasa pachiuno. Mudzaona kuti mbali ya mwendo wolemedwa yakwera, ndipo mapewa nthawi zambiri apendekera kwina, phewa la mbali yomweyo latsika. Bondo la mwendo wopuma limakhala m'munsi poyerekeza ndi linzake. Mizere itatu yopendekerayi, ya mapewa, chiuno ndi maondo, ijambuleni musanajambule mnofu uliwonse. Ikakhala yolondola, munthu wanu waima kale ngakhale alibe nkhope. Ikalakwika, mithunzi yokongola chotani singamuimike.

Munthu amene akuyenda kapena kuwerama mwamphamvu amatuluka kunja kwa mzerewu. Ulusi ukuthandizanibe, chifukwa ukuonetsani kuti watuluka mochuluka bwanji.

5. Zungulizani thupi ndi mizere yoongoka

Musayambe ndi mizere yokhotakhota. Lumikizani malo otulukira kunja, monga phewa, chigongono, chiuno, bondo ndi chidendene, ndi mizere yaitali yoongoka, ngati mmisiri amene akusema chipika n'kuyamba wadula mbali zikuluzikulu. Kenako mzere uliwonse wautali muugawe kukhala timizere tiwiri kapena titatu. Kukhota kudzabwera kokha pomaliza.

Umu ndi mmene zitsanzo za Charles Bargue zimaphunzitsira. Maphunziro ake ojambula, amene anawakonza mothandizana ndi Jean-Léon Gérôme ndipo anasindikizidwa ndi kampani ya Goupil ku Paris cha m'ma 1860 kumapeto, amaonetsa chiwalo chimodzi kawiri: koyamba m'mizere yoongoka yokha, kachiwiri chitamalizidwa. Vincent van Gogh anakopera zitsanzo zimenezi mobwerezabwereza mu 1880 ndi 1881 pamene ankadziphunzitsa yekha.

Yang'ananinso mipata: kampata ka pakati pa mkono ndi nthiti, ka pakati pa miyendo. Diso silinama pa mipata, chifukwa mutu ulibe chithunzi chake chakale cha mmene mpata uyenera kuonekera.

6. Pezani mafupa pansi pa khungu

Ikani timadontho pamene fupa limafika pafupi ndi khungu: nsonga za mapewa, chigongono, mafupa awiri akutsogolo kwa chiuno, bondo, akakolo, ndi mzere wa msana ngati mukuona kumbuyo. Nthiti muzione ngati dzira lalikulu, chiuno ngati beseni, ndipo dzifunseni kuti chilichonse chayang'ana kuti.

Chitani izi ngakhale munthu wa m'chithunzi chanu adzavale mkanjo wofika pansi. Ku Versailles kuli chinsalu chosamaliza cha Jacques-Louis David, Le Serment du Jeu de paume, pamene aphungu anawajambula opanda zovala, mwadala, kuti adzawaveke pambuyo. Ingres, amene anaphunzira kwa David, anachita chimodzimodzi pokonzekera chithunzi cha Princesse de Broglie cha 1853: analemba ntchito munthu wina kuti aime mmene mayiyo adzaimire, najambula thupi, kenako n'kubwera ndi diresi labuluu limene mayiyo wavala m'chithunzicho. N'chifukwa chake munthu akachiona ku Metropolitan Museum ku New York amakhulupirira kuti mkati mwa nsaluyo muli munthu wotsamira mpando.

7. Mithunzi: yambani ndi mitundu iwiri yokha

Tsinzinani pang'ono mpaka zing'onozing'ono zizimiririke. Mudzaona mbali yowala ndi mbali yamdima. Jambulani malire a ziwirizi mosamala ngati mmene munajambulira kunja kwa thupi, kenako dzazani mbali yamdima yonse ndi makala amtundu umodzi, osadetsa kwambiri. Salazani ndi kapepala kokulunga kaja. Pambuyo pake mpamene muwonjezere mdima wakuya m'makhwapa, pansi pa chibwano, ndi pamene phazi lakhudza pansi.

Ngati muli ndi pepala labuluu kapena lotuwa, yesani njira ya Pierre-Paul Prud'hon: chakuda m'mithunzi, choko choyera pamene kuwala kwamenya, pepala lenilenilo n'kukhala mtundu wapakati. Samalani kuti choyera ndi chakuda zisasakanikirane, chifukwa zimatulutsa kutuwa kwakufa konga phulusa. Siyani pepala pakati pawo.

Georges Seurat anapita patali kuposa apa. Pokonzekera Un dimanche après-midi à l'Île de la Grande Jatte, pakati pa 1884 ndi 1886, anajambula anthu ake ndi krayoni ya Conté papepala lokhakhala, pafupifupi popanda mzere uliwonse, mdima ndi kuwala basi. Ngati chithunzi chanu chili ndi anthu ambiri oonekera patali, njira yakeyi ikuthandizani kudziwa ngati munthu aliyense akudziwika ndi maonekedwe ake akunja okha.

8. Manja, mapazi ndi mitu, chilichonse papepala lake

Pachojambula cha thupi lonse dzanja limakhala laling'ono moti simungaphunzirepo kanthu. Tengani pepala latsopano, yandikirani, jambulani dzanjalo kukula kwake kwenikweni, likugwira chinthu chomwe lidzagwire m'chithunzi. Yambani ndi chikhatho ngati kabokosi, zala zinayi ngati chinthu chimodzi, kenako muzigawe. Bwerezani katatu kapena kanayi papepala lomwelo, mukusintha pang'ono.

Mapepala a Ingres okonzekera Le Martyre de saint Symphorien, chithunzi cha 1834 chimene chili m'tchalitchi chachikulu cha ku Autun, ali ndi anthu a mikono ingapo yotuluka paphewa limodzi. Sankafufuta mkono woyamba. Ankajambula wachiwiri pambali pake kuti ayerekeze. Tengerani chizolowezi chimenechi, chifukwa mukafufuta mzere wolakwika musanaike wolondola, dzanja limabwerera pomwe paja.

Géricault anafika mpaka kuchipatala cha Beaujon kukajambula odwala ndi akufa. Inu kalilole ndi dzanja lanu lamanzere zikukwanirani kwa miyezi yambiri.

9. Zovala

Ikani pepala loonekera mkati pamwamba pa chojambula cha thupi, ndipo jambulani zovala mukuona thupi pansi pake. Nsalu imakoledwa pamalo ochepa, monga phewa, chiuno, bondo kapena lamba, ndipo makwinya amayambira pamenepo. Pezani malo amenewo, jambulani makwinya akuluakulu atatu kapena anayi, ang'onoang'ono asiyeni.

Vuto n'lakuti munthu akapuma makwinya onse amasintha. A ku France ankaveka chidole chachikulu chopindika m'mfundo kuti nsalu ikhale osasuntha masiku ambiri. Mpando, pilo ndi ndodo zomangidwa bwino zingagwire ntchito yomweyo. Phunzirirani pansalu yopanda maluwa, chifukwa maluwa amabisa mapindidwe.

10. Sonkhanitsani onse

Koperani munthu aliyense papepala loonekera, mudule, muwaike papepala lalikulu lofanana maonekedwe ndi chinsalu chanu. Asuntheni, ena muwalowetse kumbuyo kwa anzawo, ena muwatembenuze. Edgar Degas ankachita zimenezi kwambiri ndi zojambula zake za anthu ovina, makamaka atakula: ankakopera chojambula chimodzi kambirimbiri, kuchitembenuza, n'kumata mapepala ena m'mbali malo akachepa.

Chenjezo lalikulu: jambulani mzere wopingasa wosonyeza pamene pali maso anu. Ngati mwaima pamalo athyathyathya ndipo anthu onse ndi a msinkhu wanu, mitu yawo idzakhala pafupi ndi mzerewo, kaya ali pafupi kapena patali. Mapazi ndi amene amakwera akamapita kutali. Ndiponso ngati munthu wina munamujambula mutakhala pansi, wina mutaima, sadzagwirizana. Mujambuleninso. Mukatembenuza munthu, kumbukirani kuti kuwala nakonso kwatembenuka.

11. Samutsirani pachinsalu ndi timabokosi

Njirayi ankaitchula mise au carreau, ndipo mukaona zojambula za Degas kapena za Puvis de Chavannes zili ndi mizere yopingasana pamwamba, ndi imeneyi.

Tiyerekeze kuti chojambula chanu ndi cha masentimita 30 ndi 40, chinsalu ndi cha 90 ndi 120. Gawani chojambula m'timabokosi ta masentimita 5, tituluka 6 mbali ina ndi 8 mbali inayo. Pachinsalu timabokosi tikhale ta masentimita 15, titulukanso 6 ndi 8. Lembani manambala m'mbali monse. Koperani kabokosi ndi kabokosi ndi makala, mukuyang'ana pamene mzere ukudula malire. Pankhope ndi m'manja, gawaninso kabokosi panayi.

Mukatha, bwererani kutali, konzani mizere imene yaoneka yodukaduka, kunthani makala otsala ndi kansalu, ndipo tsatani mizereyo ndi penti wofiirira wosungunula kwambiri. Akauma, yambani kupenta, zojambula zanu zonse zitapachikidwa pambali.

Zolakwika zimene zimabwera kawirikawiri

Kuyambira padiso. Diso likamalizidwa bwino mumachita mantha kulisuntha, ndipo thupi lonse limakakamizidwa kulitsatira. Nkhope ikhale dzira la mizere iwiri mpaka mapazi atakhazikika.

Kukongoletsa chojambula chokonzekera. Ntchito yake ndi kuyankha funso limodzi. Likayankhidwa, siyani, ngakhale theka la pepala lili loyera. Maola amene mungathere posalaza mthunzi wa ntchafu ndi a manja amene simunawaphunzire.

Kudalira chithunzi cha pafoni chokha. Eugène Delacroix anagwiritsapo ntchito zithunzi zimene Eugène Durieu anajambula ndi kamera mu 1854, koma anali atajambula anthu amoyo zaka zoposa 30. Foni ikayandikira imakulitsa chimene chili pafupi nayo, ndipo imadetsa mithunzi mpaka mafupa osaoneka. Ngati simungachitire mwina, imani patali pojambula, ndipo yezani munthuyo ndi sipoko kamodzi ali pamaso panu.

Kubisala kumbuyo kwa Ingres. Inde, msana wa mkazi wa mu La Grande Odalisque ya 1814 ndi wautali kuposa wa munthu weniweni, ndipo otsutsa ananena kuti anawonjezera mafupa. Koma iye anatalikitsa akudziwa muyeso weniweni. Jambulani zoona poyamba, kenako papepala loonekera talikitsani pamene mukufuna, kuti mudziwe zimene mwasintha.

Kusiyanitsa maonekedwe a pepala ndi a chinsalu. Pepala la 30 ndi 40 silingasamutsidwe pachinsalu cha 90 ndi 100 popanda anthu kufupika. Werengetsani musanalembe kabokosi koyamba.

Kugwiritsa ntchito pensulo yolimba pachinsalu. Mizere ya timabokosi imatha kuonekera pansi pa penti wopyapyala, choncho lembani ndi makala, mopepuka.

Kutaya mapepala. Ingres anasiyira mzinda wakwawo wa Montauban zojambula zoposa 4,000, ndipo ankabwerera ku zakale akafuna mkono kapena msana wa chithunzi chatsopano. Lembani deti pakona, ikani pepala loyera pakati pa chojambula ndi chinzake kuti makala asafufutike, ndipo sungani mogoneka, pamalo ouma, kutali ndi chiswe.